Chimanga Chinamera M'chitini

M'komboni ya pa famu ina ya fodya kufupi ndi Norton, ku Rodeshiya, m'zaka zija za Chitaganya, munali nyumba imene anthu ankailozera ana awo akafuna kuwaphunzitsa khalidwe. Inali ya bambo Pearson, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo tsopano anali wosonkha moto m'mabalani owotchera fodya. Ntchito imeneyo sapatsa munthu watulo, chifukwa moto ukangozilala pang'ono fodya wa balani lonse amada. Akazi awo, mayi Esnat, ankazira nyumbayo Loweruka lililonse, ndipo Lamulungu banja limeneli ndilo linkayamba kufika ku tchalitchi chaudzu cha kumapeto kwa komboni.

Mwana wawo wachisamba anali Elifasi, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amene anafika Sitandade 4 pa sukulu ya pafamupo. Anali mnyamata wa mafunso. Ankafuna kudziwa chimene chimazungulira m'kati mwa pampu, ndiponso chifukwa chake nkhanga sizigona pansi. Chilema chake chinali chimodzi: chinthu ankachiyamba ndi mphamvu, koma akangochidziwa m'mene chimayendera, chinkamutopetsa.

"Iwe ndiwe moto wa mapesi," amake ankamuuza choncho. "Kuyaka kokha ndiye umatha."

Kumunsi kwa famuyo kunali damu lalikulu. Phoso la pa famu linali ufa, mchere ndi nyemba, nyama mwa apo ndi apo, choncho damulo ndilo linali dimba la komboni yonse. Akaweruka, amuna ankapita ndi mbedza, akazi ndi madengu, n'kubwerako ndi milamba ndi nsomba zija Amashona amati magwaya. Loweruka kunkabweranso azungu a ku mzinda waukulu wa Sozibele kudzaweza ndi kudzawombera abakha, koma iwo ankakhala mbali ya kupampu.

Tsiku lina mwezi wa Juni kunafika mlendo pa lole ya mkaka, atanyamula zitini zitatu za jamu ndi njinga yakuda. Anali bambo Bizwell, kalaliki wa bungwe la eni mafamu loyang'anira madamu ndi nyama za m'tchire. Kapitawo anaimba chitsulo, anthu n'kusonkhana.

"Bungwe likufuna kudziwa," anatero bambo Bizwell, "kuti pa damu lililonse pamaweza anthu angati."

"Kuti atani nafe?" anafunsa mayi Luzia, mkazi wamasiye wa ana anayi amene ankasankha fodya m'shedi. "Akatiwerenga atikweza sitima ya ku Nyasalande?"

"Ayi, mayi. Chaka chatha anatumiza azungu awiri pa galimoto, ndi amesenjala awo. Petulo anatha migolo, matayala anaphulika, buku n'kubwerera lopanda kanthu. Chifukwa chake mukuchidziwa nokha."

Anthu anaseka, poti ankachidziwadi. Galimoto ija inkati ikangomveka, aliyense ankataya mbedza n'kulowa m'bango, kutsala agalu okha pagombe.

"Ndiye chaka chino akuti zoyenda pa galimoto zawadyera zambiri. Njira yotchipa ndi iyi." Anakweza chitini chimodzi, n'kuonetsa kabowo kamene kanali pa chivindikiro. "Tikhomera chitini pa mtengo pa njira iliyonse yopita kudamu. Wopita kukaweza aponyemo njere imodzi ya chimanga. Dzina ayi, chitupa ayi. Njere basi. Azungu iwo azilemba m'buku la bwana kupampu."

"Bwanji osaponyamo mwala?" Anafunsa ndi Elifasi, ali kumbuyo kwa atate ake.

"Miyala ana adzaza chitini tsiku limodzi posewera. Koma mwana wa kwathu sataya chimanga pachabe, amake angamusende khutu." Bambo Bizwell anamuyang'ana mnyamatayo. "Wafunsayu amatha kulemba?"

Umu ndi m'mene Elifasi anapezera ntchito. Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi azizungulira zitini zitatu zija, kuwerenga njere, kulemba pa khadi, ndi kukhuthula. Khadi lizipita pa lole ya mkaka. Ikadzatha miyezi isanu, njingayo idzakhala yake.

Asanakwere lole, bambo Bizwell anamukokera pambali.

"Tamvera, mwana wa kwathu. Akuluakulu a bungwe sadzabwera kudzaona damu ndi maso awo. Adzaona khadi lako. Chimene khadi lanena, kwa iwo ndilo damu."

"Ndamva, bambo."

Masabata oyamba Elifasi ankaigwira ntchitoyo ngati wapeza mgodi. Ankayala mpango pansi, n'kuika njere m'milu ya khumikhumi. Anazindikira zinthu zimene palibe anazilingalirapo. Sabata yozizira njere zinkachepa. Sabata imene phoso lachedwa zinkachuluka kawiri. Chitini cha pafupi ndi komboni chinkapeza njere makumi asanu, cha kumlatho makumi atatu, koma cha kuchigwa, kutsidya kwa damu, chinkapitirira mazana awiri, chifukwa kumeneko madzi ndi osaya, ndipo kunkabweranso akazi a m'mafamu oyandikana.

"Amayi, mukudziwa kuti akazi ndiwo amaweza kwambiri kuposa amuna?" anatero tsiku lina akudya.

"Zimenezo zinafunika pensulo?" anayankha amake.

Atate ake anangoseka pang'ono. "Ukuchita bwino. Koma moto wa balani suzima tsiku loyamba, mwanawe. Umazima lachinayi, munthu ukayamba kunena kuti ndazolowera."

Ulendo wa kuchigwa unali wowawa. Njinga inkafika pa mlatho pokha, kuchokera apo unkayenda pansi m'matope ndi m'tsekera. Komanso njirayo inkadutsa kufupi ndi nkhalango imene anthu a gule wamkulu ankakonzerako zawo. Lamulungu lachisanu, Elifasi akupinda pa chulu, anakumana maso ndi maso ndi chilombo cha gule, chamatope thupi lonse, chikwapu kumanja. Iye mwana wa tchalitchi, wosavinidwa, anatembenuka n'kuliyatsa liwiro mpaka pamlatho.

Pamenepo anapeza mwamuna wina wa m'komboni, Mcloud, atakhala pa chitsulo cha mlathowo, akusuta. Mcloud anagwirako ntchito ku mgodi wa Mhangura, ndipo palibe ankadziwa bwino chimene anachokerako. Anali ndi galamafoni, ndipo Lamulungu masana ankachititsa tiyi pati kunyumba kwake, kumene tiyi weniweni sankaoneka, koma mowa wa chikokiyana.

"Kalaliki wamkulu wa Chitaganya! Akukuthamangitsa ndani, mphwanga?"

Elifasi anafotokoza akupuma wefuwefu.

"Maiwe! Ufere chitini cha jamu? Sabata yatha unapeza zingati kumeneko?"

"Mazana awiri ndi khumi."

"Lemba mazana awiri ndi zisanu. Ndani akawerengenso? Ku Sozibele kuli mzungu wodziwa kununkhiza khadi?"

"Koma achimwene, limenelo ndi bodza."

"Bodza ndi kunena kuti mvula ikugwa pamene dzuwa likuswa mtengo. Uku ndi kuyerekeza. Tiye ukamve mbale yatsopano."

Elifasi analemba. Khadi linapita. Sabata yonse ankadzidzimuka lole ya mkaka ikalira. Koma palibe chinachitika, ndipo chimenecho ndicho chinamuwononga. Anadabwa nazo ndithu kuti dziko limangoyenda chimodzimodzi, khadi likhale loona kapena lonama.

Lamulungu lotsatira chilombo kunalibe, koma iye sanapite kuchigwa. Linzakelo anasiyanso cha kumlatho. Pofika Ogasiti khadi ankalilembera pa bondo kuseri kwa nyumba ya Mcloud, galamafoni ikulira, kapu ili pambali. Njinga nayo inapeza ntchito ina, yokatenga shuga ndi yisiti ku Norton zophikira mowa.

Tsiku lina Mcloud anasuzumira pa khadi n'kuimba mluzu.

"Iwe, ukufuna kutiphetsa? Mazana awiri? Mzungu akaona zimenezi ati anthu akuda akumaliza nsomba zake. Mawa lino tidzuka damu lili ndi msonkho. Chepetsa, mphwanga. Lemba zisanu ndi ziwiri, lemba zinayi. Ukhala wathandiza mtundu wako."

Mawu amenewa anamukomera Elifasi kuposa mowa. Ulesi wake unapeza malaya abwino ovala. Kuyambira tsiku limenelo sankadziona ngati waulesi, koma ngati wochenjera wobisa abale ake m'bango. Analemba zisanu. Analemba zitatu. Sabata ina analemba kuti palibe.

Koma anthu sanasiye kuponya njere. Poyamba ankaseka nazo, kenaka zinangolowa m'magazi. Mkazi ankati akanyamula dengu, n'kumanga njere yake pa ngodya ya chitenje. Mayi Luzia, amene anayamba ndi kukayika, ndiwo anasanduka wolondera. Akaona wina akudutsa osaponya ankamubweza.

"Ponya, iwe! Kuchokera pamene ndinabwera ku Rodeshiya kuno palibe anandifunsapo kuti ndimadya chiyani. Lero andiwerenge nane."

Mwezi wa Seputembala mayi Esnat anabwera kuchokera kudamu, anatula dengu, n'kuima pakhomo osalowa.

"Elifasi, chitini cha kuchigwa unachikhuthula liti?"

"Lamulungu, amayi."

"Lamulungu liti? Lero njere yanga ndachita kuikankha ndi kamtengo. Chadzaza mpaka kukamwa. Ndipo nsapato zako ndazichapa masabata asanu ndi limodzi osapezamo matope a kuchigwa. Matope a kumeneko ndi akuda. Ndimawadziwa."

"Ndimavula nsapato powoloka."

"Ndiye mapazi akowo amauluka?"

Atate ake, amene anali kusoka thumba pakhonde, anayankhula osakweza mutu.

"Munthu akakutuma n'kutembenuka, maso ake wakusiyira iwe. Ngati ntchito yakukanika, bweza njinga. Kubweza si manyazi. Manyazi ndi kukwera njinga ya ntchito imene sukuigwira."

"Ndipita mawa, abambo."

M'mawa mwake anatulukadi ndi njinga. Anafika pa mlatho, anayang'ana tsekera, anayang'ana dzuwa, n'kuganiza kuti njere za miyezi iwiri zingamudyere tsiku lonse kuwerenga. Ndipo akaziwerenga azilemba pati, makhadi atapita kale? Anakhuthula cha pamlatho m'madzi osawerenga, n'kupaka nsapato zake matope kuti amake aone. Cha kuchigwa anachisiya.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Okutobala, masiku awiri otsatizana. Patapita sabata ndi theka, m'mawa wa Lachiwiri, kunabwera lole yonyamula bwato, migolo inayi ndi mipukutu ya waya. Kapitawo anaimba chitsulo. Bwana wa famu anayankhula, kapitawo akumasulira.

"Bwana akuti bungwe laona makhadi a madamu onse. Madamu amene anthu a m'komboni amawezamo ambiri awasiya m'mene alili. Koma damu lino makhadi akuti anthu akuda owezamo safika khumi pa sabata, pamene buku la kupampu likuonetsa azungu ambiri. Ndiye damu lino lasankhidwa. Aikamo nsomba zatsopano za azungu. Zakalezi aziphe ndi mankhwala lero lomwe, madzi asanadzaze, chifukwa zingadye ana a zatsopanozo. Azunguliza waya. Wopezeka m'kati, kupolisi."



"Safika khumi?" anakuwa mayi Luzia. "Nyumba yanga yokha ndi anthu asanu!"

Koma bwana anali atakwera kale galimoto yake.

Elifasi anaima kumbuyo kwa khamu. Anayang'ana Mcloud. Mcloud anali kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

Pofika masana bwato linali litazungulira damu lonse, madzi atayera ngati mkaka. Nsomba zinayamba kubwera pamwamba zikupuma movutika, kenaka n'kutembenuza mimba. Magwaya, milamba ikuluikulu imene anthu ankangoimva m'nkhani, timatemba tosawerengeka, zonse mbee pamwamba pa madzi. Kapitawo analetsa kutola. Ana ankalira akufuna kuthamangirako, amawo akuwagwira mikono. Tsiku lachitatu fungo linafika m'komboni, ndipo thirakitala inakumba dzenje lokwiriramo.

Elifasi anaona zonsezo. Iye amene ankakonda kufunsa mafunso anapeza yankho la funso limene sanafunse: kuti m'damu muja munali nsomba zingati.

Lachisanu bambo Bizwell anabwera kudzatenga zitini. Asanatsike bwino pa lole, akazi anamuzinga.

"Munatinamiza! Munati njere basi!"

"Amayi inu, ine ndinapereka zimene makhadi ananena. Ndinadabwa nazo, inde, koma ndinati kapena mwayambanso kubisala m'bango."

"Kubisala?" anatero mayi Luzia. "Tiyeni mukaone kubisala kwathu."

Anamutsogolera kuchigwa, komboni yonse ikutsatira pambuyo. Mayi Esnat anagwira mwana wawo pa dzanja, zolimba, ngati kamwana kopita nako kukabayitsa jekeseni.

"Nawenso ukupita."

Atapinda pa chulu paja, onse anaima. Chitini chinali pa mtengo pake pomwe anachikhomera. Koma mvula inali italowa pa kabowo kaja. Njere zinafufuma, zinakankha chivindikiro, ndipo pamwamba pa chitini panali chimanga chitamera, chobiriwira, chothithikana ngati tsitsi, kutalika ngati chala. Mizu yoyera inali kulendewera m'mbali. Pansi pa mtengo panameranso china, cha njere zimene akazi ankangoziika pamwamba chitini chitakana kulandira.

Bambo Bizwell anavula chipewa. Anazula chitinicho, anachitembenuza, koma palibe chinagwa. Zonse zinali zitalukana kukhala chibuma chimodzi.

"Chimanga sichimera m'chitini chokhuthulidwa Lamulungu lililonse," anatero pang'onopang'ono. "Elifasi?"

Elifasi anayang'anayang'ana Mcloud ndipo anamupeza kumapeto kwa khamu.

"Achimwene, munati tikachepetsa..."

"Ine?" Mcloud anatambasula manja. "Pensulo ndinagwira ndine? Ine sukulu sindinapiteko, mphwanga."

Apo Elifasi anagwada m'matope akuda aja amene anawathawa miyezi itatu.

"Ndine. Kuchokera mu Julayi sindinafike kuno. Manambala ndinkangopeka. Ndinkati ndikukutetezani, koma zoona zake ndinkachita ulesi."

Palibe anamumenya. Zikanakhala bwino akanamumenya. Mayi Luzia anangoyandikira, anatenga chitini m'manja mwa bambo Bizwell, n'kuchiika m'manja mwake.

"Zanga zili m'menemo zoposa makumi asanu ndi limodzi," anatero. "Sindinaphonye tsiku ndi limodzi lomwe. Zina zinali za mbewu. Tandiuza, mwana wa a Pearson, ana anga adya chiyani ndi nsima madzulo ano?"

Elifasi anayang'ana chitini chili m'manja mwake.

Bambo Bizwell anayesa. Anapita nacho chitinicho kwa akuluakulu a bungwe, chimanga chili chomera choncho, n'kuchiika pa tebulo pawo. Akuti anachizungulira akudabwa, wina mpaka anachijambula. Koma yankho linali lalifupi. Mankhwala anathiridwa kale, waya anamangidwa kale, nsomba zatsopano zili m'njira. Anawonjezanso kuti njira ya zitini yaoneka kuti njosadalirika, ndipo sadzafunsanso anthu a m'komboni kuti adziwerenge okha.

Njinga inakwera lole ya mkaka yomwe inabwera nayo. Mcloud anasamuka mwezi womwewo ndi galamafoni yake, akuti analowera cha ku Beatrice. Bambo Pearson, amene kale anthu ankawapatsa mpando wa patsogolo, anayamba kukhala kumbuyo m'tchalitchi mwa kufuna kwawo.

Lamulungu lotsatira Elifasi anaima pamaso pa mpingo n'kuulula zonse, osabisa mowa, osabisa matope opaka pa nsapato. Mpingo unamukhululukira. Koma chikhululukiro sichibweza nsomba m'madzi. Kuyambira pamenepo wofuna nsomba ankayenda maola awiri kupita ku mtsinje wa Hunyani, ndipo akazi a ana aang'ono sankatha kutero. Chaka chimenecho ana ambiri m'komboni anadya nsima ndi mchere.

Elifasi ankapita ku Hunyani wapansi Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, nthawi yomwe ija ankayenera kuzungulira zitini. Zimene wapha ankayamba kutula pakhomo pa mayi Luzia. Miyezi iwiri yoyamba mayiwo ankalandira osayankhula. Tsiku lina anangoti, "Zisanu ndi ziwiri. Ndawerenga ndekha."

Chitini chija bambo Bizwell anachibweza. Mayi Esnat anaphwanya chibumacho, anasankha mbande zimene zinali zikadali ndi moyo, n'kuziwokera kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera la Elifasi.

"Amayi, mukuzidzaliranji pamenepa?"

"Kuti ukadzuka uziwaona anthu amene unati kulibe."

Inu anyamata ndi atsikana amene mwapatsidwa kantchito kopanda wokuyang'anirani, imvani. Elifasi sanabe, sanamenye munthu, sanathyole nyumba. Anangosiya kuyenda ulendo umodzi wa m'matope, n'kulemba nambala imene sanawerenge. Ulesi suyenda wokha. Umaitana bodza kuti liuphimbe, ndipo bodzalo likakula amalipira ndi anthu amene sanalinene. Mnzako wokuuza kuti palibe adzaone, tsiku la mlandu adzayang'ana mitambo. Mulungu amaona chitini chimene bwana sachiona, ndipo chimene mwasiya osakhuthula, mvula ikadzagwa chidzamera anthu onse akuona.